Felesita, Wotchi ya Lole

Inu mbumba yanga, Felesita mumamudziwa ngati mayi wofatsa uja wokhala pakhonde, kolona m'manja, diso limodzi pa nkhuku kuti zisalowe mu ufa woyanika. Ena mwa inu mumaganiza kuti anabadwa atakalamba kale. Ine ndine mlongo wake, ndinamuona mano asanamere, ndiye ndilembe zimene mwini wake sangakuuzeni. M'zaka zija za chitaganya, cha m'ma 1950, mayi ameneyu ndiye ankadzutsa lole yaikulu kuposa tchalitchi cha pa Nambuma, osagwira chiwongolero, osadziwa n'komwe kuti giya ili mbali iti. Musakamufunse. Adzangoti malume anu ndi abodza. Funsani ine.

Felesita anabadwa ndi liwiro limodzi ndipo mpaka lero sanalisinthe. Sachedwa, safulumira. Akayamba kusinja, amayi a m'mudzi ankasiya kuyang'ana dzuwa n'kumamvera munsi wake. Ukaleka, ndiye kuti nthawi yoteleka ndiwo yakwana. Tsiku lina njuchi zinativumbulukira kudimba. Ine ndinathamanga mpaka kuusiya mthunzi wanga m'mbuyo, ndinachita kukaudikira pa Kasiya. Felesita anayenda mayendedwe ake a masiku onse, dengu la mpiru pamutu. Njuchi zinamutsata kanthawi, zinatopa naye, zinabwerera kumng'oma ndi manyazi. Popemphera chimodzimodzi. Kolona wake wa lero ndi wa dzulo ankafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Mkanda uliwonse unkalandira mpweya wofanana, popanda kukondera.

Chinthu chimodzi chokha ndicho chinkamugwedeza mtima: dzina la Joni. Mkulu wathu a Timothy ananyamula chikwama chaka china m'nyengo yozizira, nati akukagwira ntchito kumigodi, abwera posachedwa ndi njinga. Sanabwere, ngakhale moni sanatumize. Amayi athu anamwalira akuyang'anabe kunjira. Kuyambira pamenepo Felesita akaona mwamuna akumanga katundu, nkhope yake inkachita mdima.

Mwamuna wake, alamu anga a Ignatius Mwale, kwawo ku Mpingu, anabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi mwathu atangochoka kunkhondo. Kunkhondoko anabwerako ndi chikwama chachikulu cha asilikali, jombo, ndi luso loyendetsa galimoto. Za khasu musandifunse. Ankaligwira ngati akufuna kulifunsa dzina. Mizere yawo inkakhota ngati njoka yomenyedwa pamutu, moti madzi a mvula akalowamo ankasochera, kutulukira m'munda mwa eni. Mkamwini wosatha kulima m'mudzi mwa alimi a fodya, inu mukudziwa mmene amamuyang'anira akamadutsa. Chinawapulumutsa ndi lole.

Loleyo inali ya a Mathias a pa Nambuma, bambo amene anagwira ntchito ku Halale zaka zambiri n'kubwerako ndi nzeru yogula galimoto yotsala ya asilikali. Inali yonenepa, yotuwa, yokonda tulo, ndipo ikayasamula mudzi wonse unkamva. Tinaitcha Mvuu. Nyengo ya fodya Mvuu inkanyamula mabelo kuchokera pamsika wa Kasiya kupita ku Lilongwe. Pamsikapo malole ankaima pamzere. Yofika koyamba ndiyo inkapakira koyamba, yochedwa inkabwerera itanyamula fumbi lokha. Poti mudzi wathu uli kufupi ndi Kasiya, Mvuu inkagona pabwalo pa alamu, pansi pa mtengo wa mango.

Tsono nyengo ya fodya ndi nyengonso ya chisanu, ndipo mudzi wathu uli m'mphepete mwa dambo, kumene chisanu chonse cha boma la Lilongwe chimabwera kudzagona. Ana a lero simuchidziwa chisanu. Mu Juni wa masiku amenewo atambala ankalira atafunda mapiko kumutu, kumangomveka ngati munthu akutsokomola m'nkhokwe. Udzudzu unkabwera pamoto kudzapempha malo, ife n'kusendera. Ine ndi maso angawa ndinaona galu akuuwa wakuba ndi mchira wokha, pakamwa atatseka kuopa kuzizira mano.

Mvuu inkadana ndi chisanu kuposa tonsefe. Oyilo wa mu injini ankalimba ngati chiponde chogona, ndipo hendulo, chitsulo chija chopukusa kutsogolo kuti injini ilire, inkakana kuzungulira. Alamu ankailendewera, kuitukwana m'zilankhulo zonse zimene anatola kunkhondo, koma Mvuu ili duu. Tsiku lina henduloyo inabweza, inawaponya m'mwamba. Potsika anatiuza kuti ku Dowa kwachita mitambo.

Mankhwala ake anali atawaona kunkhondo komweko: moto pansi pa injini. Ankatenga phale, kudzazamo makala a zitsononkho, pakuti nyengo imeneyo zimangoti mbwee pabwalo, n'kulilowetsa pansi pa mimba ya Mvuu kuti oyilo asungunuke. Vuto linali nthawi. Ukalichotsa msanga, oyilo adakali m'tulo. Ukachedwa, tinsanza tamafuta ndi timapaipi ta labala tinkayamba kununkha, ndipo lole ya eni ake ikanatha kusanduka phulusa. Wotchi alamu analibe. Yawo ya kunkhondo inaima tsiku limene anatsika sitima, akuti nayonso inati ntchito yatha. Anayesa kuyendera tambala, tambala anali ndi chimfine. Anayesa kugwira injini ndi dzanja, dzanja lozizira n'kumawanamiza kuti yatentha.

M'mawa wina, mwangozi chabe, analowetsa phale nthawi yomwe Felesita m'nyumba ankachita chizindikiro cha mtanda kuyamba kolona. Alamu anakhala pakhomo, manja m'khwapa, akumva mawu a mkazi wawo akuyenda mkanda ndi mkanda. Atamva Amen womaliza anati, aa, tiyeni tiyese. Anakoka phale, anapukusa kamodzi kokha. Mvuu inabangula! Mawa lake anayesanso. Inabangula. Mkuja chimodzimodzi. Kutalika kwa kolona wa Felesita kunali ndendende kutalika kwa tulo ta oyilo.

Pamenepo ndi pamene alamu anga anatembenuka mtima.

Munthu amene pa Misa ankaima kumbuyo kwenikweni, mwendo umodzi m'tchalitchi wina panja, tsopano ndiye ankadzutsa mkazi kusanache. Ankamuitana ndi mfunda wake, mwaulemu wonse. “Nankhoma, dzukani, tiyeni tipemphere.” Ankatuluka kaye pang'ono, ati kukaona kunja, kulowetsa phale mwakachetechete, n'kubwera kudzagwada pafupi ndi chitseko. Chitsekocho ankachisiya chotsegula pang'ono, ati kuti mapemphero azituluka bwino. Pa Amen ankalumpha ngati wakhalira lunguzi, ndipo pasanapite nthawi Mvuu inali ikutsokomola utsi panjira ya ku Kasiya, yoyamba pamzere tsiku ndi tsiku.

Mbiri inawanda. A Boniface, mphunzitsi wathu wa katekisimu, anawatchula m'kachisi wa m'mudzi tsiku la Mulungu. “Taonani a Mwale! Msilikali, dalaivala, koma satuluka pakhomo asanagwade. Inu abambo enanu mumagwada pokhapokha mukamafunafuna fodya wanu pansi pa mphasa.” Amayi anatembenuka onse kuyang'ana amuna awo. Mabanja ena anasokonekera chifukwa cha alamu. Ine ndinkangodabwa kuti munthu woyerayu bwanji akamapemphera mphuno imaloza kubwalo.

Koma Felesita! Mlongo wanga anasangalala moti anatsala pang'ono kufulumira poyenda. Anandiuza misozi ili m'maso, “Achimwene, zaka zonsezi ndakhala ndikumupempherera munthu ameneyu. Mulungu wandimvera.” Ankawakazingira mtedza wa paulendo, kuwachapira ovolosi mpaka kuyera ngati ya dokotala.

Ndiye usiku wina Felesita analota a Timothy ataima pachipata, chipewa m'manja. M'mawa anapemphera kolona yense monga mwa masiku onse. Alamu bondo limodzi linali litadzuka kale, akudikira Amen. M'malo mwake anamva mawu akuti, “Tiwonjezere chigawo chimodzi, tipempherere achimwene a Timothy kulikonse kumene ali.”

Tikuoneni Maria woyamba alamu anayankha bwinobwino. Wachiwiri anayankha akununkhiza. Pa wachitatu anaphulika.

“Nankhoma, mwawonjezera! Lole ipsa!”

Anatuluka ngati muvi, anakoka phale, anapukusa, Mvuu inalira. Atabwerera kudzatenga chipewa anapeza Felesita adakali chigwadire, kolona atamuika pamphasa.

“Bambo a Eliza,” anatero mlongo wanga ndi liwiro lake lomwe lija, “kodi lole ipsa chifukwa cha Tikuoneni Maria?”

“Ayi, ndimati phale lija. Mukafika pa Amen ndiye kuti oyilo...”

“Oyilo.”

“Eee, oyilo amakhala kuti wasungunuka bwino. Inutu simulakwitsa, Nankhoma. Ngakhale wotchi ya bwanamkubwa singakupambaneni.”

“Ndiye masiku onsewa mumagwadira oyilo, eti?”

Alamu anatembenukira kukhomo. Anavala chipewa chogadamiza, anapita ku Kasiya opanda mtedza.

Felesita sanakalipe, sanaswe mbale, sanapite kwa ankhoswe. Mawa lake alamu atanong'ona kuti Nankhoma tiyeni tipemphere, iye anatembenukira kukhoma. Kolona wake anakamupempherera kudimba dzuwa litakwera, chamumtima, milomo ili tseke. Wotchi inali itaima.

Alamu anati palibe kanthu, mawu ake ndi omwewo, ndipemphera ndekha. Analowetsa phale, anagwada pafupi ndi tayala, anauyamba. Inu, dalaivala ndi dalaivala. Anathamanga nawo mapempherowo ngati akutsetsereka phiri mabuleki ataduka. Mikanda inatentha m'zala. Ine ndikukhulupirira kuti kumwamba sanamve n'komwe kuti pansi pali wina akuitana, anangomva kamphepo kadutsa. Pofika pa Amen, phale linali lisanazolowere malo. Anapukusa hendulo, Mvuu zii. Anapukusanso mpaka thukuta mu Juni, Mvuu ili gone. Makala anazima. Tinachita kuikankha mudzi wonse, amuna, amayi a ana kumbuyo, ng'ombe ziwiri za ngolo kutsogolo, ndi nkhalamba ina imene inkangokankha munthu wa patsogolo pake. Inalira dzuwa lili pamutu. Pa Kasiya alamu anapeza mabelo onse atapita, anthu akusesa.

Madzulo ake anapita kwa a Boniface, chipewa m'manja. “Aphunzitsi, mayi kunyumba pakhosi sipali bwino. Mungabwere mawa m'mamawa kudzatitsogolera kolona?” A Boniface anatsala pang'ono kulira. Anafika kusanache, atavala jekete la Misa ya Pasaka, ndodo m'manja.

Tsono ngati alamu anali mphepo, a Boniface anali mvula ya mvumbi. Bambo ameneyu akayamba pemphero pa ubatizo wa khanda, pofika pa Amen khandalo linkakhala likufunsira mbeta. Pakati pa chigawo ndi chigawo ankaima kufotokoza tanthauzo. Akafotokoza ankapereka chitsanzo. Chitsanzocho chinkawakumbutsa malemu wina wake, malemuyo n'kufuna pemphero lakelake, ndipo malemuyo anali ndi abale. Alamu anagwada pamenepo maso ali psuu. Kudula mawu mkazi kunali kutawavuta kale, nanga kudula mphunzitsi wa katekisimu amene anawatama pamaso pa mpingo? Analuma mlomo, anapirira.

Ine ndinatuluka m'nyumba mwanga kuti ndikasukusule, ndinangoona utsi uli tolo pansi pa mtengo wa mango.

“Moto! Mvuu yapsa! Motooo!”

Mudzi unatuluka balala. Amayi anathamanga ndi mitsuko. Wina anabwera ndi madzi otsukira mbale. Azakhali athu, posowa madzi, ananyamula mbiya yonse ya thobwa la ogwira ntchito kuchigafa n'kukhuthulira pamimba pa Mvuu, kenaka anakhala pansi n'kuyamba kulira thobwalo. Moto unazima utadya chiguduli chimene alamu ankamangira paipi, ndi paipi yomweyo theka. Injini inanyowa, inazizira kuposa poyamba. A Boniface anatuluka m'nyumba pomalizira penipeni, nafunsa ngati tingabwerere kukamaliza, poti anali atatsala ndi litaniya. Alamu anatha theka la tsiku akumanga paipi ndi mphira wa chubu cha njinga. Ku Kasiya sanapite n'komwe. Mvuu inanunkha thobwa mpaka nyengo ya dzinja, mbuzi zinkaitsata panjira.

Chakumadzulo a Mathias anafika. Mwini lole anabwera pa njinga, akupuma ngati mvukuto. Anazungulira Mvuu, anagwada, anasuzumira pansi, ananunkhiza, anadzuka.

“A Mwale, ine ndinagula lole. Ndikanafuna chinthu chongokhala pabwalo ndikanamanga nkhokwe.”

“Bwana, ndi chisanu.”

“Chisanuchi chikugwa pa lole yanga yokha? Mawa kuli fodya wambiri pa Kasiya, mwina womaliza chaka chino. Mvuu ikakhala kuti siili kutsogolo kwa mzere, ndikuitenga. Ku Nsaru kuli mnyamata wodziwa kuyendetsa, akungondivutitsa tsiku ndi tsiku.”

Anakwera njinga yawo, anapita.

Alamu anaisiya Mvuu pomwepo. Analowa m'nyumba, anatsitsa chikwama chija cha asilikali pamtanda pamene chinkakhala, anachikutumula fumbi. Anakhala pakhonde n'kuyamba kupaka jombo mafuta. Nditawafunsa, anayankha osadzutsa mutu. “Alamu, khasu mukulidziwa mmene limandidera. Lole ikapita ndidzadya chiyani m'mudzi mwa eni? Ku Lilongwe akulemba anthu a ku Joni. Kumigodi akufuna odziwa makina.”

Apa nthabwala zinandithera. Ndinapita kuseri kwa nyumba kumene Felesita ankasenda mtedza.

“Mlongo, mwamuna wako akupukuta jombo.”

“Ndaona.”

“Chikwama watsitsa.”

“Ndaona, achimwene, maso ndili nawo.”

“Ndiye?”

“Ndiye chiyani? Ine ndimalira ndi chimwemwe, kuuza anthu kuti Mulungu wandimvera, osadziwa kuti munthu wandisandutsa wotchi. Ndimapempherera mbale wanga wotayika, iye akununkhiza oyilo.”

“Koma wotchi ndi chinthu chaulemutu. Azungu amaivala pamkono, amagona nayo. Ena amaipsompsona.”

Anandigenda ndi khoko la mtedza. Linandipeza pamphumi, pang'onopang'ono, mwa liwiro lake. Kenaka anasuzumira pangodya ya nyumba, anayang'ana chikwama chili tsonga pakhonde, ndipo nkhope ija inachita mdima umene ndinkaudziwa. Anapitiriza kusenda. Ine ndinachoka.

M'mawa mwake kunagwa chisanu chimene akuluakulu amachitchulabe. Dambo linayera mbee ngati wina wamwaza ufa. Utsi unkatuluka padenga, kuona mmene kunja kulili, n'kubwerera m'nyumba. Ine ndinafika pabwalo pa alamu nditafunda bulangete ndi chiguduli pamwamba, ndinawapeza ataima ndi phale m'manja, akuyang'ana Mvuu ngati munthu woyang'ana bokosi la maliro. Anthu anali atayamba kusonkhana, aliyense ndi mtsuko wake, poti za dzulo zinali zisanaiwalike.

Chitseko chinatseguka. Felesita anatuluka, kolona m'khosi.

“Bweretsani phalelo.”

“Nankhoma...”

“Bweretsani. Lero ndiika ndine. Inu mulowe m'nyumba, mugwade kuyang'ana kukhoma, msana kulole. Chitseko titseka. Muyankha Tikuoneni aliyense, mokweza, kuti akumwamba amve. Ndipo chigawo cha a Timothy chilipo.”

“Chowonjezera chija? Nankhoma, chimenechotu ndi chimene chitenthe lole! Dzulo mwaona nokha!”

“Ngati simukufuna, jombo zanu zawala kale.”

Alamu anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mtengo wa mango. Anapereka phale, analowa m'nyumba ngati mbuzi yopita kumsika. Felesita anagwada kutsogolo kwa Mvuu, atatipatsa msana, anachita zimene anachita ndi kamtengo, n'kulowetsa phale pansi. Podutsa anandiuza kuti, “Achimwene, imani pamenepa. Musakhudze kanthu, musakuwe.” Analowa, anatseka chitseko, tinamva mpiringidzo ukugwa.

Mbumba yanga, ine ndaonerapo mpira, ndaonerapo ng'ombe zikumenyana, koma sindinaonepo khamu la anthu litagwira mpweya ngati m'mawa umenewo. Mudzi wonse unaima mozungulira lole, mitsuko m'manja, makutu kunyumba. Mkatimo mawu a Felesita ankayenda mayendedwe awo, osachedwa, osafulumira. Mawu a alamu poyankha ankanjenjemera ngati a mwana wa mbuzi. Chigawo choyamba anayesa kuthamanga, Felesita anangowadikira n'kuyambiranso Tikuoneni yemweyo. Sanayesenso. Chachiwiri chinadutsa, chachitatu. Amayi ena panja anayamba kuyankha nawo. Amuna a kudambwe la gule wamkulu, amene sanapondepo m'tchalitchi chibadwire, ndinawaona milomo ikugwedera. Azakhali anali atabisa thobwa lawo kutali.

Kolona anatha. Tonse tinayang'ana pansi pa Mvuu. Kunalibe utsi. Ndiye tinamva Felesita akuti, “Tsopano tipempherere achimwene a Timothy, ndi onse amene anapita osabwerera, ndi akazi amene akuyang'anabe kunjira.”

Ine ndinati basi, alamu athyola chitseko. Ndinamva akupuma, ndinamva mphuno ikukoka mpweya kamodzi. Kenaka mawu awo anabwera, otsika, osathamanga. Anayankha woyamba. Anayankha wachiwiri. Pa wachitatu, paja anaphulikira tsiku lija, anthu panja anatseka maso. Anayankha. Anapita nawo mpaka kumapeto, ndipo Amen wawo anamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Mpiringidzo unachoka. Alamu anatuluka thukuta lili kamukamu, nthunzi ikufuka pamutu ngati mbatata yophika. Anagwa chafufumimba, anakoka phale, analiyang'ana, anadabwa. Makala anali ochepa, ndipo anali atakwiriridwa phulusa pamwamba.

“Moto wake ndi umenewu?”

“Pemphero likatalika, moto umachepetsa,” anatero Felesita ali pakhomo. “Simunaphikepo nyemba inu? Pukusani.”

Alamu analavulira m'manja. Anachita chizindikiro cha mtanda, ndipo ulendo uno ndikuchitira umboni kuti mphuno inaloza kumwamba. Anagwira hendulo. Inazungulira mofewa ngati mthiko m'phala la mwana. Khooo. Mvuu inatsokomola. Khooo, khooo. Inagwedeza makutu. Kenaka inabangula kubangula kumene kunagwetsa mango osapsa a chaka chamawa, nkhuku zinaikira mazira zili m'mwamba, ndipo kuchipatala cha ku Namitete odwala awiri anadzuka n'kupempha nsapato zawo.

Nthungululu! Amayi anaponya madzi a m'mitsuko m'mwamba, kuiwala chisanu. Amuna a kudambwe anavina. A Boniface anafika akuthamanga ndi ndodo yawo, nati zoterezi zikufunika pemphero lothokoza, anthu anawanyamula n'kukawakhazika kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinadzipeza ndili pamwamba pa lole, bulangete likuuluka, sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji. Tinauyatsa wa ku Kasiya, fumbi lili kobo m'mbuyo, agalu a midzi itatu akutiperekeza. Tinafika pamsika mlonda akuothabe moto. Malole enawo pobwera anapeza Mvuu ili kutsogolo, ikununkha thobwa, alamu atatsamira chitseko ngati anagona pomwepo. A Mathias anafika pa njinga yawo, anayang'ana mzere, anayang'ana alamu, anangoti, “Mnyamata wa ku Nsaru uja ndi wamwano, ndinalibe naye mtima,” n'kupita kukamwa tiyi.

Pobwerako madzulo alamu anafuna kubweza chikwama pamtanda. Sanachipeze. Anachipeza kuseri kwa nyumba chitadzaza mtedza wosenda mpaka pakamwa, Felesita akusoka pamwamba ndi chingwe cha khonje.

“Nankhoma, chikwama cha boma chimenecho.”

“Chapeza ntchito. Jombo zija mupite nazo ku Misa.”

Chisanu chinatha, mphepo ya Ogasiti inadutsa, kunabwera Okutobala, dzuwa lija limene limaphika mazira m'mimba mwa nkhuku. Mvuu inkalira ndi kupukusa kumodzi popanda phale, nthawi zina ngakhale kungoiyang'ana mwaukali. Alamu anati tsopano tigoneko. Tambala woyamba atalira anamva chala chikuwagwira paphewa.

“Bambo a Eliza, dzukani, tiyeni tipemphere.”

“Koma Nankhoma, kwatenthatu. Oyilo ali bwinobwino.”

“Oyilo ali bwino. Inu ndi amene simunasungunuke. Gwadani.”

Anagwada, msana kulole, ndipo anagwada choncho mpaka Mvuu inakalamba n'kusanduka khola la nkhunda, iwo n'kumera imvi pakhomo pomwepo. A Timothy sanabwere, koma chigawo chawo sichinadumphidwe tsiku ndi limodzi lomwe. Ku Joni alamu anangokumva kwa anzawo.

Chikwamacho chikadalipo. Mukapita kwa Felesita suzumirani kuchipinda chosungira mbewu, muchipeza pangodya, makoswe atachiboola pansi. Mtedza umene munkaba muli ana, mumayesa unkachokera kuti?